Frederick Douglass ndi Dzanja la Boma

Sabata ino tiwerenga za munthu amene anakalamba mpaka kumwalira osadziwa tsiku limene anabadwa. Tiwerenge mosinthana monga mwa masiku onse, ndime imodzi munthu mmodzi, ndipo amene mawu ena amuvuta asachite manyazi kutiimitsa.

Frederick Douglass anabadwa mu February 1818 m'dera la Talbot, m'chigawo cha Maryland, ku America. Mwezi ndi chaka zimenezi zinalembedwa m'buku la mbuye wake, momwe ankalembamo akapolo ake monga munthu amawerengera ziweto, koma mwini wakeyo sanalionepo bukulo. Amayi ake, a Harriet Bailey, anamutcha Frederick Augustus Washington Bailey. Bambo ake anali mzungu, ndipo mphekesera zinkaloza mbuye yemweyo. Lamulo la kumeneko linkati mwana amatsata mayi: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo. Ambiri a ife tinakulira m'midzi imene mwana ndi wa kuchikazi, ndiye tingaganize kuti n'zofanana. Si zofanana ayi. Kwathu kutsata mayi kumapatsa mwana mudzi, malume ndi munda. Kumeneko kunkapatsa mbuye chuma, moti mzungu ankatha kubereka mwana n'kumugulitsa popanda womufunsa.

Amayi akewo ankagwira ntchito pa munda wina, mtunda wa makilomita pafupifupi 19. Anabwerako kanayi kapena kasanu kokha, usiku, wapansi, n'kubwerera kusanache. Anamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 7. Amene anamulera ndi agogo ake aakazi, a Betsy, ndipo ndi iwo omwe analamulidwa kukamutula ku munda waukulu wa Edward Lloyd ali ndi zaka 6. Anamusiya akusewera ndi ana anzake, n'kuchoka osatsanzika. Kumeneko anaona mchemwali wa amayi ake, Hester, atamangidwa manja akukwapulidwa mpaka magazi. Kumeneko komweko kapitawo wina dzina lake Austin Gore anawombera kapolo wotchedwa Demby, amene anathawira mu mtsinje poopa chikoti. Gore sanaimbidwe mlandu. Onse amene anaona anali akapolo, ndipo khoti silinkalandira umboni wa kapolo wotsutsa mzungu. Tiigwire bwino mfundo imeneyi, chifukwa ibweranso. Nkhanza za kapitawo zinali zake, koma chimene chinkamulimbitsa mtima chinali lamulo.

Mu 1826 anamutumiza ku mzinda wa Baltimore kukakhala kwa Hugh Auld. Mkazi wa Hugh, Sophia, anali asanakhalepo ndi kapolo, choncho anayamba kuphunzitsa mnyamatayo zilembo monga akanachitira ndi mwana aliyense. Mwamuna wake atazindikira anamuletsa mwaukali, mnyamatayo akumva, ponena kuti kapolo wodziwa kuwerenga sakhalanso kapolo wabwino. Frederick anatola mawu amenewo ngati munthu wotola makiyi ogwa m'thumba la mlonda. Akatumidwa ku msika ankatenga buledi n'kumapatsa ana a azungu osauka a m'misewu kuti amuwerengetse. Kumalo okhomera zombo ankayang'ana zilembo zimene amisiri ankalemba pa matabwa, n'kumazikopera pa mipanda ndi choko. Ali ndi zaka pafupifupi 12 anagula buku la malankhulidwe lotchedwa The Columbian Orator ndi masenti 50 amene anasunga. Ife amene timadandaula kuti buku ndi limodzi pa anthu atatu tiganizirepo pamenepa.

Atabwezedwa kumudzi, mbuye wake Thomas Auld anamuona kuti ndi wamwano, ndipo mu 1834 anamubwereketsa kwa Edward Covey, mlimi wodziwika ndi kuthyola mitima ya akapolo osamva. Miyezi 6 yoyamba ankakwapulidwa pafupifupi sabata iliyonse. Tsiku lina mu August anabwezera. Analimbana pafupifupi maola awiri, ndipo Covey sanamukhudzenso mpaka chaka chinatha. Chaka chotsatira, pa munda wina, anatsegula kasukulu kachinsinsi ka Lamlungu komwe akapolo oposa 40 ankaphunzira kuwerenga. Mu 1836 iye ndi anzake anakonza zothawa, wina anaulula, ndipo anatsekeredwa m'ndende ya ku Easton. Mwamwayi sanamugulitse kum'mwera kwenikweni. Anamubweza ku Baltimore, komwe anaphunzira ntchito yomata mipata ya zombo. Ankalandira dola imodzi ndi theka pa tsiku, koma Loweruka lililonse ndalama zonse ankazitula m'manja mwa Hugh Auld, amene nthawi zina ankamubwezera masenti 6 ngati womuthokoza.

Pa 3 September 1838 anavala zovala za wogwira ntchito m'zombo, natenga chikalata chobwereka cha munthu wakuda yemwe anali mfulu, n'kukwera sitima ya pamtunda. Ndalama zina za ulendowo zinachokera kwa Anna Murray, mtsikana wakuda wobadwa mfulu amene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Pasanathe maola 24 anali ku New York. Anna anamutsatira, anakwatirana mwezi womwewo, n'kukakhazikika ku New Bedford, m'chigawo cha Massachusetts. Kumeneko ndi kumene anatenga dzina la Douglass, pofuna kusocheretsa omusaka.

Ku Massachusetts kunalibe ukapolo, komabe iye sanali mfulu. Malamulo oyendetsera dziko lonse la America anali ndi ndime yonena kuti wothawa ntchito ya mbuye wake m'chigawo china ayenera kubwezedwa. Ngakhale zinali choncho, mu August 1841 anaimirira pa msonkhano wodana ndi ukapolo pa chilumba cha Nantucket n'kufotokoza moyo wake. William Lloyd Garrison, mtsogoleri wa gululo, anali pomwepo, ndipo posakhalitsa anamulemba ntchito yoyendayenda n'kumalankhula. Sinali ntchito yophweka. Ku Pendleton, m'chigawo cha Indiana, mu 1843, gulu la anthu olusa linamuthyola dzanja lamanja, ndipo silinapole bwino mpaka imfa yake. Panalinso vuto lina: ankalankhula bwino kwambiri moti anthu anayamba kukayika ngati analidi kapolo. Yankho lake linali buku la mbiri yake la mu 1845, momwe anatchula mayina a ambuye ake ndi malo enieni. Kuchita zimenezo kunali kuwauza komwe ali, choncho anakwera sitima ya pamadzi kuthawira ku Ireland ndi ku Britain.

Kumeneko abwenzi ake, motsogozedwa ndi Ellen ndi Anna Richardson a ku Newcastle, anasonkha mapaundi 150 n'kulipira banja la Auld kuti limumasule mwalamulo. Zimenezi zinachitika mu 1846, ndipo ena mwa odana ndi ukapolo anakwiya. Iwo ankati kulipira mbuye n'kuvomereza kuti munthu ali ndi mtengo. Douglass ankaona ngati ndalama imene umapatsa wachifwamba kuti asiye m'bale wako, zomwe sizitanthauza kuti wavomereza uchifwamba. Ife tikuona kuti amene ankadzudzulawo analibe womusaka. Anabwerera kwawo mu 1847 n'kuyambitsa nyuzipepala yake, The North Star, mu mzinda wa Rochester.

Mu July 1848, ku Seneca Falls, kunachitika msonkhano wa ufulu wa amayi. Elizabeth Cady Stanton anabweretsa mfundo yakuti amayi azivota, ndipo ngakhale anzake ena anaiona kuti yanyanya ndipo iwasekeretsa. Douglass, munthu wakuda yekhayo pa msonkhanowo, anaimirira kuikira kumbuyo mfundoyo, ndipo inadutsa. Tisaiwale tsiku limeneli tikafika ku mkangano wa mu 1869.

Tsopano tafika pa funso limene linamuvutitsa kwambiri, ndipo apa tichedwepo. Mu 1850 nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulo la akapolo othawa. Munthu wogwidwa sankaloledwa kudziperekera umboni. Mkulu wa boma womva mlanduwo ankalandira madola 10 akagamula kuti wogwidwayo ndi kapolo, koma madola 5 okha akamumasula. Wobisa wothawa ankatha kulipitsidwa madola 1,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 6. Akuluakulu a boma lalikulu otchedwa ma marshal ndi amene anapatsidwa ntchito yosaka. Kodi boma lotere munthu alitani? Garrison anali ndi yankho lomveka. Iye ankati malamulo oyendetsera dzikolo ndi pangano loipa kuyambira pa chiyambi, munthu wolungama asavote, ndipo zigawo za kumpoto zipatukane ndi za kum'mwera. Mu 1854 anafika powotcha chikalata cha malamulowo pamaso pa anthu.

Douglass anakhulupirira zimenezi kwa zaka pafupifupi 10, kenako mu 1851 analengeza kuti wasintha maganizo. Atawerenga yekha chikalatacho anaona kuti mawu akuti kapolo mulibemo, pamene mawu oyamba akulonjeza chilungamo ndi ufulu. Ndiye anati m'malo mochisiyira eni akapolo, anthu achigwiritse ntchito powatsutsa. Kunena zoona, ankawerengako zimene mtima wake unkafuna. Ndime yobweza othawa inalimo ndithu, ndipo mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya America. Koma anaona chinthu chimene Garrison sanachiyeze mokwanira. Kumpoto kukanapatuka, manja a anthu a kumpoto akanayera, koma akapolo pafupifupi 4 miliyoni akanatsala momwemo popanda wowamasula. Mphamvu yokhayo imene ikanafika pa munda wa Lloyd inali ya boma lomwelo limene linkawasaka. Ubwenzi wake ndi Garrison, munthu amene anamutulutsa poyera, unasweka pa nkhani imeneyi, ndipo kwa zaka zambiri sankalankhulana.

Njira ya mfuti nayo inamupeza. Mu August 1859 mnzake John Brown anamuitanira ku malo ena ophwanyira miyala pafupi ndi Chambersburg n'kumupempha kuti apite naye kukalanda nkhokwe ya zida za boma ku Harpers Ferry. Douglass anakana, poona kuti ndi msampha umene palibe angatulukemo. Brown anapitabe, anagwidwa, nanyongedwa. Kalata ya Douglass itapezeka m'katundu wa Brown, iye anathawira ku Canada, kenako ku Britain. Ali komweko mu March 1860 mwana wake wamng'ono, Annie, anamwalira ali ndi zaka 10.

Nkhondo ya pachiweniweni itayamba mu 1861, Pulezidenti Abraham Lincoln ankati cholinga chake n'kusunga umodzi wa dziko, osati kuthetsa ukapolo. Douglass anamudzudzula kwambiri m'nyuzipepala, makamaka pamene Lincoln ankalimbikitsa zoti anthu akuda asamukire ku mayiko ena. Chilengezo chomasula akapolo a m'zigawo zoukira chitatuluka pa 1 January 1863, Douglass anayamba kulemba anthu akuda usilikali, ndipo ana ake awiri, Lewis ndi Charles, analowa nawo. Koma msilikali wachizungu ankalandira madola 13 pa mwezi, pamene wakuda ankalandira 10, n'kumudulanso 3 za yunifolomu. Pa 10 August 1863 Douglass anapita ku White House kukadandaula. Lincoln anamulandira mwaulemu, anamumvetsera, koma anamuuza kuti zinthu zotere zimafuna nthawi chifukwa azungu ambiri sanazolowere ngakhale kuona wakuda atanyamula mfuti. Douglass anatuluka atakhulupirira kuti munthuyo ndi woona mtima, koma osakhutira ndi yankho. Malipirowo anawafananiza mu 1864. Mu March 1865, pa phwando la kulumbiritsidwa kwachiwiri kwa Lincoln, apolisi anamutsekereza pa khomo chifukwa cha khungu lake mpaka uthenga unafika kwa pulezidenti, amene anamulonjera mokweza pamaso pa alendo onse. Patatha milungu 6 Lincoln anaphedwa.

Zimene Douglass ankayembekeza ku malamulo aja zinayamba kuchitika. Ndime yowonjezera ya nambala 13, ya mu 1865, inathetsa ukapolo. Ya nambala 14, ya mu 1868, inati aliyense wobadwira m'dzikomo ndi nzika ndipo lamulo limuteteze mofanana. Ena ankati ntchito yatha, mabungwe atsekedwe. Iye anakana, ponena kuti munthu womasulidwa koma wopanda voti amatsalabe m'manja mwa amene akupanga malamulo a m'chigawo chake, omwe ndi ambuye ake akale.

Ndime ya nambala 15 ndi imene inabweretsa chisoni. Inaletsa kumana munthu voti chifukwa cha mtundu kapena khungu, koma za amayi sinatchule. Pa msonkhano wa ku New York mu May 1869, Stanton ndi Susan B. Anthony anakana kuivomereza. Douglass anati ufulu wa amayi akuugwirizana nawobe, koma kum'mwera anthu akuda akuphedwa ndi kuwotcheredwa masukulu, ndiye voti kwa iwo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Maganizo ake anali a mwambi wathu uja, woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Stanton, pokwiya, analankhula mawu onyoza amuna akuda ndi obwera kuchokera kunja, ndipo pamenepo analakwa kwambiri. Koma tisafulumire kumuyeretsa Douglass. Amayi akuda analipo, ndipo iwo anali akuda ndiponso amayi, zoopsa za kum'mwerazo zinkawagweranso. Ndimeyo inakhazikitsidwa mu 1870, ndipo amayi a ku America anadikira mpaka 1920, zaka 50 zathunthu. Tikamaliza ndime ino tiime pang'ono, aliyense anene chimene akanachita akanakhala m'chipindamo.

Chaka chomwecho cha 1869, ku Boston, analankhula moikira kumbuyo anthu a ku China amene ankabwera kudzagwira ntchito ndipo ankadedwa ndi ambiri. Anati kusamuka ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo alandiridwe ngati nzika. Sizinamupindulire kanthu, ndipo mu 1882 boma linawatsekera khomo.

Kwa kanthawi boma linaonetsa kuti likafuna limatha. Mu 1871, pansi pa Pulezidenti Ulysses Grant, linatumiza asilikali ndi kuzenga milandu gulu lachiwembu la Ku Klux Klan, ndipo gululo linafooka. Anthu akuda ankavota, ena analowa m'nyumba ya malamulo. Kenako kumpoto kunatopa. Nayenso Douglass zinthu sizinamuyendere. Nyumba yake ya ku Rochester inapsa mu 1872. Mu 1874 anavomera kutsogolera banki yosungira ndalama za akapolo omasulidwa, osadziwa kuti inali itadyedwa kale mkati. Anaikamo madola 10,000 akeake, koma patangopita miyezi yochepa inagwa, ndipo anthu osauka masauzande anataya zimene anasunga.

Mu 1877 Pulezidenti Rutherford Hayes anasiya kugwiritsa ntchito asilikali poteteza maboma a kum'mwera amene anthu akuda anawavotera. Chaka chomwecho Hayes yemweyo anasankha Douglass kukhala marshal wa dera la Washington. Taonani mmene zinthu zimazungulirira: udindo umene mu 1850 unkasaka anthu ngati iye, tsopano unali wake. Komabe mwambo woti marshal ndiye azionetsa alendo kwa pulezidenti pa maphwando anauchotsa atangolowa iye. Pa zaka zimenezi mawu ake anafewa, ndipo ambiri anaona. Mu 1879, anthu akuda masauzande atayamba kuthawa kum'mwera kupita ku Kansas, iye anawalangiza kuti akhale n'kumenyera ufulu wawo komweko. Ena anamukuwiza pa misonkhano. Ife tikuganiza kuti apa analankhula ngati munthu wokhala m'nyumba yabwino ya pa phiri, kutali ndi kumene kunkalira mfuti. Udindo wa boma sunamugule, koma unamuchepetsa makutu.

Mu June 1877 momwemo anapita ku St. Michaels kukaona Thomas Auld, amene anali atakalamba ndipo ali gone. Anagwirana chanza, onse awiri akunjenjemera. Anamufunsa za chaka chimene anabadwa, ndipo Auld anati akuganiza kuti ndi 1818.

Anna anamwalira mu 1882. Mayi ameneyu, amene anagwira khomo ndi kulera ana asanu mwamuna wake ali m'maulendo, ndiponso ankalandira othawa ukapolo m'nyumba mwake, sanaphunzire kuwerenga, ndipo m'mabuku atatu a mbiri ya mwamuna wake amangotchulidwa mwa apo ndi apo. Mu 1884 Douglass anakwatira Helen Pitts, mzungu. Azungu anakwiya, akuda ambiri anakwiya, ana ake omwe sanasangalale. Iye ankangoyankha kuti mkazi woyamba anali wa khungu la amayi ake, wachiwiri wa khungu la bambo ake.

Chimene chinamudzutsanso ndi khoti. Mu October 1883 khoti lalikulu linathetsa lamulo la mu 1875 loletsa tsankho m'mahotela, m'sitima ndi m'malo a zisudzo. Oweruza 8 anati ndime ya nambala 14 imaletsa boma la chigawo kusankha anthu, koma siikhudza mwini hotela. Woweruza mmodzi yekha, John Marshall Harlan, anatsutsa. Douglass anakumbutsa anthu kuti pamene eni akapolo ankafuna othawa awo, makhoti sanavutike kupeza mphamvu za boma lalikulu zolowera m'nyumba ya munthu aliyense. Mphamvuzo zinasowa tsiku limene wakuda anazifuna. Kuyambira 1889 mpaka 1891 anali kazembe ku Haiti, ndipo anatula pansi udindo pambuyo pa mkangano wa doko la Môle Saint-Nicolas, limene America inkafuna kulitenga kuti likhale la zombo zake zankhondo koma Haiti inakana. M'zaka zake zomaliza anagwirizana ndi mtolankhani wachitsikana Ida B. Wells, amene ankafufuza ndi kulemba za anthu akuda ophedwa ndi magulu popanda mlandu kuzengedwa, apolisi akuonerera. Nkhani ya Demby ija inali itabwereranso, ngakhale ndime zitatu zinali zitalembedwa m'malamulo.

Pa 20 February 1895 anapita ku msonkhano wa bungwe la amayi mu mzinda wa Washington. Amene anamuperekeza ku nsanja anali Susan B. Anthony, yemwe anakangana naye mu 1869, ndipo anthu anaimirira kumuwombera m'manja. Madzulo anabwerera kunyumba kwake ku Cedar Hill n'kudya chakudya. Usiku womwewo ankayembekezeka kukalankhula ku tchalitchi china cha anthu akuda chapafupi. Podikira ngolo yodzamutenga, anayamba kufotokozera Helen za msonkhanowo, akutsanzira mmodzi wa olankhula monga ankakondera kuchita. Anagwada pansi, ndipo Helen anayesa ndi mbali ya sewerolo. Unali mtima. Pamene ngolo inkafika pa khomo, anali atamwalira. Anakamuika ku manda a Mount Hope ku Rochester, pafupi ndi Anna.